Galimoto yakale ya ku France: tisaigule ndi mtima chabe

Malonda a fodya akayamba, mabanja ambiri m'boma la Rumphi amakhala pansi kukambirana chinthu choti agule kuti thukuta la chaka chonse lioneke. Ena amafuna malata, ena njinga yamoto, pomwe ena mtima wawo uli pa galimoto.

Koma kuchokera mu November 2023 pomwe mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi K44 pa K100 iliyonse, galimoto za ku Japan zomwe zimalowera pachipata cha Songwe zidafika posagulika kwa mlimi wamba. N'chifukwa chake sizodabwitsa kumva bambo wina akulingalira zodzutsa Peugeot 404 kapena 504 yomwe yakhala ikugona pansi pa mtengo wa mango, kapenanso kagalimoto kaja ka Renault 4 komwe mwini wake akukagulitsa motchipa.

Maganizo oterewa si opusa ayi. Galimotozi zili ndi mbiri yabwino ndipo mbiriyo sidangobwera yokha.

Peugeot 404 idayamba kupangidwa m'chaka cha 1960. Ku France adaisiya mu 1975, koma ku Kenya adapitiriza kuilumikiza mpaka 1991 chifukwa anthu amaifunabe. Idapambana kanayi mpikisano wa East African Safari, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'misewu ya matope ndi fumbi yosasiyana kwenikweni ndi ya ku Hewe m'dzinja. Inzake ya 504, yomwe idatuluka mu 1968, idapangidwabe ku Kenya mpaka 2004 ndi ku Nigeria mpaka 2006. Abale athu amene adakhalako ku Zimbabwe amakumbukira ma 404 akunyamula anthu m'makomboni a Harare ndi Bulawayo.

Renault 4 idatuluka mu 1961 ndipo adapanga zoposa 8 miliyoni. Ndi kagalimoto kopepuka, ka injini yaing'ono, kotalikirako pansi, komwe adakapangira anthu a m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono ngati athu omwewa.

Ubwino waukulu wa galimotozi ndi woti zilibe zachinsinsi. Mukatsegula boneti chilichonse chikuoneka. Mulibe kompyuta yofuna makina apadera kuti muidziwe matenda. Makaniko wodziwa ntchito yake pa Bolero kapena pa Phwezi, ali ndi masipanala ochepa, atha kutsuka kabuleta, kusintha mapulagi, galimoto n'kulira. Batire ikafooka, anyamata awiri atatu akankha basi ulendo wayambika. Yerekezani ndi galimoto yamakono yomwe ikangoyatsa kanyali kachilendo, muyenera kuikokera ku Mzuzu.

Palinso za mumtima. Kwa mabanja ena galimoto ija ndi imene idanyamula mayi popita kukachira, idanyamulanso maliro a agogo. Kuiona ikuyendanso n'chinthu chokoma.

Komabe akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pali zinthu zitatu zimene wogulitsa sangakuuzeni.

Choyamba ndi masipeya. Galimotozi adasiya kuzipanga kalekale, ndipo mashopu athu adadzaza ndi zipangizo za Toyota, Nissan ndi Mazda poti ndizo zachuluka pamsewu. Chitsulo chaching'ono cha giya kapena cha mabuleki chikathyoka, muyenera kusakasaka kwa ophwasula galimoto, apo ayi kuitanitsa kunja. Ndalama zakunja zikamasowa, kachipangizo kamodzi kangagoneke galimoto miyezi. Nawo amakaniko amene adakulira pa injini zimenezi akukalamba, ndipo achinyamata ambiri adaphunzirira pa za ku Japan.

Chachiwiri ndi mafuta. Injini zakalezi adazipangira petulo wokhala ndi mtovu, yemwe adasiya kugulitsidwa kuno mu 2006. Mtovuwo unkateteza malo okhalapo mavavu, ndiye injini yomwe sidakonzedwe kuti igwirizane ndi petulo wa lero imadyeka pang'onopang'ono ikamagwira ntchito yolemetsa. Kuonjezera apo, dziko lino lidayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa. Ethanol amafewetsa timapaipi ta labala takale ndipo amakoka chinyezi m'thanki ya galimoto yomwe yangoima nthawi yaitali. Kapaipi ka petulo kakang'ambika pafupi ndi injini yotentha, zotsatira zake tonse tikuzidziwa.

Chachitatu, chomwe ndi chachikulu kuposa zonse, ndi moyo wa anthu. Rumphi si dera lathyathyathya. Wopita ku Karonga ayenera kutsika Chiweta. Wochoka ku Livingstonia kudzera msewu wa Gorodi amakumana ndi makona pafupifupi 20 asadafike pa Chitimba. Malo amenewa amafuna mabuleki odalirika, chifukwa potsika mtunda wautali mabuleki amatentha n'kuyamba kufooka. Galimoto za zaka zimenezo zilibe zikwama za mpweya zoteteza pangozi, zilibe mabuleki amakono oletsa matayala kutsetsereka, ndipo zambiri zilibe malamba kumpando wakumbuyo komwe kumakhala ana. Dzimbiri nalo limadya chitsulo cha pansi mwakachetechete, pamwamba penti ikuwala.

Tikaonjezera khalidwe lathu lopakira mopyola muyeso, matumba a feteleza pansi, anthu pamwamba, nkhani imafika poipa. Galimoto ya zaka 40 kapena 50 siyoti n'kuisandutsa matola.

Nanga tichite chiyani? Ife tikuona chonchi.

Ngati galimotoyo ndi ya pabanja panu kale, thupi lake likadali lolimba, ndipo muli ndi makaniko woidziwa, musathamangire kuigulitsa kwa ogula zitsulo pamtengo wa mbuzi. Ikonzeni modekha, kuyambira mabuleki, matayala, chiwongolero ndi mapaipi a petulo. Penti ndi wailesi zibwere pomaliza. Ikatero itha kukutumikirani pamaulendo afupiafupi: kuchigayo, kutchalitchi, kumunda ndi kumsika wa pa Boma.

Koma ngati mukufuna kutenga ndalama zonse za fodya kukagula galimoto yotere kuti ikhale yodyetsa banja, tikuti ayi. Bizinesi yonyamula anthu imafuna galimoto yodzuka tsiku lililonse, yomwe chipangizo chake mungachipeze lero lomwe. Kutchipa kwa pogula kusakupusitseni. Walira mvula walira matope.

Amene mwatsimikizabe mtima, tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Agone pansi aone dzimbiri. Muiyendetse pachitunda, pokwera ndi potsika. Muone ngati manambala a injini ndi a thupi akugwirizana ndi zikalata, ndipo muwerengeretu ndalama za inshuwalansi, COF ndi kusintha umwini. Safunsa adadya phula. Ndipo mayi a m'nyumba asamve nkhaniyi galimoto itafika kale pakhomo, poti nawo adalima nawo fodyayo ndipo ndi amene adzadziwe koyamba sukulu fizi ikasowa.

Kwa a nthambi yoona za pamsewu, pempho lathu ndi loti COF iperekedwe galimoto itayesedwa moona, kaya ndi yakale kaya ndi yatsopano. Pepala lomata pagalasi silingaimitse galimoto pa Chiweta.

Galimoto zakale za ku France zidatumikira bwino makolo athu ndipo ziyenera ulemu wake. Ulemuwo ndi kuzisamala ndi kuzipatsa ntchito yolingana ndi msinkhu wake, monga momwe timachitira ndi agogo pakhomo.