Buku la ku Cipatala Siliiwala

Munthu wakumwa kacasu akafunsidwa ku kiliniki amati, "Ndimamwa pang'ono cabe." Koma buku lake la ku cipatala limakamba zina: mu Januwale anasokedwa pamutu, mu Epulo anasanza magazi, mu Juni anagwa ngati wakhunyu atakhala masiku awili osamwa. Ciliconse pacokha cioneka ngati tsoka. Zikawelengedwa pamodzi, zionetsa kuti mowa wazika mizu.

Kudziwa kukula kwa vutoli n'kofunika, cifukwa kaleke ka mowa sikafanana. Amene vuto lake ndi laling'ono angaleke ali kunyumba. Koma amene anagwapo kale, kapena kuona zinthu zimene palibe atasiya mowa, afunika kugonekedwa m'cipatala, pakuti kuleka mwadzidzidzi kungamuphe.

Bungwe la WHO lili ndi mafunso 10 ochedwa AUDIT, ndipo wopeza 8 kapena kuposapo ali pangozi. Koma mafunsowa adalila mayankho a wodwala, pamene buku silicita manyazi.

Motelo cizolowezi cogula buku latsopano pa kiliniki iliyonse pofuna kubisa mbili n'coipa. Cimaphimba maso a dokotala. Banja lisunge buku limodzi, ndipo wopelekeza wodwala anene zoona.