Kutsuka utsi n'kutayira litsiro lake m'madzi si ukhondo

Ena mwa inu mudabwa kuti nkhani ya sitima za panyanja yamchere ikufunanji m'kalata ya zaumoyo ya kuno ku Maravia, kumene ambirife sitinaponde n'komwe ku Beira. Dikirani pang'ono. Fodya amene timalima kuno akachoka ku Tete amakakwera sitima padoko. Feteleza ndi dizilo zimatipeza zitatsika m'sitima. Malasha a ku Moatize amadutsa m'Malawi pa njanji mpaka ku Nacala, kumene sitima zikuluzikulu zimawadikirira. Ndipo ana athu ena ali kumadoko komweko kusaka ganyu, akupuma utsi wa sitimazi tsiku ndi tsiku.

Kwa zaka zambiri sitimazi zakhala zikuyendera mafuta akuda bii, olimba ngati phula, amene amatsala akayenga petulo ndi dizilo. Ndi otsika mtengo, koma ndi odzaza ndi sulufule. Sulufule akapsa amatulutsa mpweya woyabwa kukhosi, umene umayambitsa chifuwa ndi kudzutsa mphumu, makamaka kwa ana ndi okalamba. N'chifukwa chake bungwe la IMO, nthambi ya United Nations yoona za maulendo a panyanja, linalamula kuti kuyambira pa 1 Januwale 2020 sulufule m'mafuta a sitima asapitirire theka la kilogalamu pa makilogalamu 100 alionse. Kale ankaloledwa kufika makilogalamu 3.5.

Lamuloli n'labwino, koma linasiya kakhomo kakumbuyo. Mwini sitima akapanda kufuna kugula mafuta oyera, amene ndi odula, akhoza kupitiriza ndi mafuta akuda aja bola aike makina otsuka utsi, otchedwa scrubber pa Chingerezi. Makinawa amapopa madzi a m'nyanja n'kuwawaza mu utsi usanatuluke pa chumuni. Madzi amagwira sulufule uja, utsi n'kutuluka wopepukirako. Sitima zoposa 4,000 zinasankha njira imeneyi.

Tsono funso limene mayi aliyense wochapa matewera angafunse ndi ili: madzi otsukirawo amapita kuti? Makina ambiri amangowabwezera m'nyanja momwemo, ali owawasa, atatenganso mwaye ndi tizitsulo ta poizoni ta m'mafuta aja. Mapapo a anthu a padoko apumulako, inde, koma litsiro lapita kwa nsomba. Ine ndikuti kumeneku n'kusesa m'nyumba n'kukakhuthula zinyalala pachitsime. Si ine ndekha woganiza choncho. Singapore inaletsa kutayira madzi amenewa padoko lake kuyambira mu 2020, ndipo Denmark, Sweden ndi Finland anachita chimodzimodzi m'madzi awo mu Julaye 2025. Alipo makina ena osunga litsirolo m'thanki kuti likatsitsidwe kumtunda, koma ndi ochepa. Njira yoongoka ndi kugula mafuta oyera basi, ndipo ndikanakonda akuluakulu oyang'anira madoko athu a Beira ndi Nacala atakhwimitsa pamenepa, chifukwa asodzi a kumeneko alibe nyanja ina yoti athawireko.

Koma tisaloze chala kutali pamene tili ndi zathu pakhomo. Ife nyanja yathu ndi Cahora Bassa. Usiku mukaima m'mbali mwake mumaona magetsi a mabwato a kapenta, ndipo kuseri kwa getsi lililonse kuli injini ya dizilo. Injini imafuna kusinthidwa oilo. Nanga oilo wakuda wakuthayo amathera kuti? Amene mumagwira ntchito m'mabwatomo mukudziwa bwino kuposa ine. Akathiridwa m'madzi, ndi madzi omwewo amene mukukhala kapenta amene timadyera nsima ndi kugulitsa kutsidya ku Zambia. Kumtunda nakonso, oilo wa njinga zamoto ndi wa zigayo ena amangomukhuthulira m'ngalande, mvula ikabwera n'kumutengera kudambo kumene timakumba zitsime.

Pa za sulufule yekha, ife tili pabwinopo. Mu 2017 Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe anayamba kuitanitsa dizilo wa sulufule wochepa kwambiri, moti ngakhale mafuta a sitima amene akutchedwa oyerawo amaloledwa kukhala ndi sulufule wochuluka ka 100 kuposa dizilo wa papampu. Vuto lathu lalikulu ndi mwaye wa injini zokalamba. Tsiku lina ndinapita kukagayitsa chimanga pa chigayo china, ndipo ndinapeza paipi ya utsi itathyokera m'kati mwa nyumba. Amayi anali pamzere, ana kumbuyo, onse akutsokomola, mwini wake akungowerenga ndalama. Nditamufunsa anati kuwotcherera paipi n'kodula. Ndinamuyankha kuti afunse kaye mtengo wa ulendo wonyamula mwana wobanika kupita naye kuchipatala ku Fingoé usiku.

Choncho eni zigayo, tulutsani paipi ya utsi kunja, iloze m'mwamba kupitirira denga, kutali ndi pamene anthu amadikirira. Injini ikayamba kufuka utsi wakuda, itanani makaniko, musadikire kuti ife. Jenereta isamalire m'nyumba imene mukugona anthu, chifukwa mpweya wake wina sununkha koma umapha munthu ali m'tulo. Oilo wakutha musungeni m'chigubu chotseka bwino, kutali ndi chitsime ndi ana, ndipo a m'mabwato mubwere naye kumtunda. Amayi, ngati pachigayo pali utsi, siyani thumba pamzere inu mukadikirire panja ndi mwana.

Mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi, nkhani ya zigayoyi muiike pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo mutitumizire zimene mwagwirizana kuti tidzaziwerenge pa wailesi.