Woyimbira watsopano, muyeso ukhale umodzi

Loweruka ndi Lamlungu lililonse, m'mabwalo afumbi a m'midzi ndi m'matauni mumaseweredwa mpira wambiri kuposa umene timamvera pa wayilesi. Mipikisano ya bonanza, masewero a sukulu, matimu a mipingo, onsewa amafuna munthu woima pakati ndi kherere. Kawirikawiri amakhala mnyamata kapena mtsikana amene wangoyamba kumene. Bwalo lilibe mpanda, apolisi palibe, ochemerera aima phazi lili pamzere. Sabata ino ndikulankhula ndi inu oyimbira atsopano, chifukwa popanda inu mpira wa m'madera sungaseweredwe.

Ulemu wa woyimbira umachokera pa chinthu chimodzi: osewera aone kuti muyeso wanu ndi womwewo, mphindi yoyamba ndi yomaliza, ku timu ya pakhomo ndi ya alendo. Akhoza kunyinyirika ndi chigamulo chowawa koma n'kupitiriza kusewera. Chimene chimabutsa ndewu ndi kuona mnzawo akukhululukidwa pa cholakwa chimene iwo alangidwa nacho.

Muyesowo simuupeka nokha. Malamulo a mpira alipo 17, ndipo amene amawayang'anira ndi bungwe la IFAB, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1886. Lamulo la 12 limasiyanitsa fawulo patatu. Wosewera akalowa mosasamala, mumaimba fawulo basi, khadi ikhale m'thumba. Akalowa mosalabadira kuti mnzake angavulale, ndi khadi yachikasu. Akalowa ndi mphamvu zopyola muyeso mpaka kuika mnzake pachiswe, ndi yofiira. Choncho funso lanu likhale lakuti, walowa bwanji? Kugubuduka kwa amene wagwa ndi phokoso la kunja kwa mzere sizili m'lamulo.

Akulu adati kuongola mtengo m'poyamba. Tiyerekeze kuti masewero angoyamba, nambala 4 wafika mochedwa n'kumukwapula mnzake m'mwendo. Imbani mwamphamvu, kuti aliyense amve kuti kherere iyi yasiyana ndi ya mpira wotuluka. Musamuthamangire. Imani pamalo poti mukuwaona osewera ena onse, mumuitane, mumuyang'ane kumaso n'kunena motsitsa mawu kuti, “Achimwene, apa mwalowa moipa. Mukabwereza ndikulembani.” Ngati kulowako n'koyenera khadi, itulutseni pomwepo ngakhale masewero angoyamba, chifukwa lamulo silinena kuti fawulo yoyamba ndi yaulere. Ndipo ngati mwachenjeza, akabwereza chitani zimene mwanena. Osewera onse 22 amakhala akuyembekezera kuona ngati mawu anu ali ndi mano.

Ndi bwino kukumbukira kumene makhadi adachokera. Pa World Cup ya 1966, England ikusewera ndi Argentina pa Wembley, woyimbira wa ku Germany Rudolf Kreitlein adatulutsa kaputeni wa Argentina, Antonio Rattín. Awiriwo sankamvana chiyankhulo, ndipo Rattín adatenga nthawi yaitali asanachoke. Ken Aston, Mngelezi amene ankayang'anira oyimbira, adatengera nzeru pa maloboti a pamsewu, ndipo makhadi adayamba kugwira ntchito pa World Cup ya 1970 ku Mexico. Ntchito ya khadi ndi kudziwitsa bwalo lonse chimene mwagamula. Ikwezeni mtima uli m'malo, osati kumusonya nayo munthu kumaso ngati mukubwezera chipongwe.

Mukatero, lembani nambala ndi mphindi musanayambitsenso masewero, ndipo muonetsetse kuti mwalemba ku timu yoyenera. Pa World Cup ya 2006, Graham Poll, katswiri wa ku England, adaonetsa Josip Šimunić wa Croatia makhadi achikasu atatu asanamutulutse. Ngati zidachitikira munthu wa msinkhu umenewo, kabuku ndi pensulo musazione ngati zazing'ono.

Yesero lalikulu limabwera mukazindikira kuti mwina mwalakwitsa. Lamulo la 5 limakulolani kusintha chigamulo ngati masewero sanayambenso, kaya mwadzionera nokha kaya wakutsinani khutu ndi wothandizira wa pamzere. Akayamba, zapita. Apa oyimbira ambiri atsopano amakodwa mu msampha wobweza ngongole: apereka penate yokayikitsa uku, ndiye akufunafuna ina yoti apereke uko. Kutero n'kulakwitsa kawiri, ndipo kachiwiriko n'kwadala. Osewera amakuzindikirani msanga, ndipo akadziwa kuti mumagwedezeka amayamba kukuimbirani masewero ndi pakamwa.

Za pakamwazo nazo zili ndi malire. Wosewera akagwira kumutu n'kufuula “Aaa, refa!” kenako n'kubwerera pamalo pake, musiyeni, wangotulutsa mpweya. Akakulondolani, akakuwomberani m'manja monyogodola kapena akatsutsa chigamulo poyera, ndi yachikasu. Akatukwana kapena kunyoza, ndi yofiira. Kuyambira 2019 makhadi omwewa amaonetsedwanso kwa aphunzitsi ndi ena a pa benchi. Akakuzungulirani, bwererani m'mbuyo pang'ono, itanani kaputeni, mufotokoze mwachidule kamodzi kokha. Anthu akalowa m'bwalo, kapena mukaona kuti moyo wanu ndi wa osewera uli pangozi, lamulo limakupatsani mphamvu yoimitsa kapena kuthetsa masewero. Chitani zimenezo, ndipo mulembe lipoti la zonse kwa okonza mpikisano.

Malamulo amasinthanso. Kuyambira 2025, goloboyi akagwira mpira kupitirira masekondi 8, timu inayo imapatsidwa kona. Buku la IFAB limapezeka mwaulere pa intaneti, ndipo bungwe loyendetsa mpira la FAM limachititsa maphunziro a oyimbira. Werengani chaka ndi chaka, chifukwa munthu wodziwa lamulo sachita kukuwa kuti amveke.

Pomaliza, mawu kwa okonza bonanza ndi atsogoleri a matimu. Amene mumamukuwiza kuti “wagulidwa” ndi mwana wa mnansi wanu, wathamanga padzuwa mphindi 90 kuti ana anu asewere. Mangani chingwe kuzungulira bwalo, ikani anthu osungitsa bata, ndipo wosewera amene watulutsidwa alandiredi chilango chake ngakhale akhale wogoletsa wanu. Mukafafaniza khadi yofiira kuseri chifukwa fainolo yayandikira, mwamuvula woyimbirayo mphamvu zonse, ndipo sabata yamawa mudzasowa woti agwire kherere.