Musatilande chinkhwe wa Rumi

Abale ndi alongo m'Chisilamu, pali mawu amene ayamba kumveka m'madrasa mwathu. Akuti nthano za Masufi n'zotayitsa nthawi, ena mpaka akuti ndi bidaa, mwana azingoloweza basi. Ife tikukana.

Tengani nthano ya Jalaluddin Rumi, amene anamwalira ku Konya mu 1273, ya m'buku lake la Masnavi. Wamalonda wina anali ndi chinkhwe wolankhula. Tsiku lina chinkhweyo anataya mafuta a m'botolo, mwini wake n'kumumenya pamutu mpaka nthenga kuthothoka. Chinkhwe anangoti zii, osalankhulanso. Patapita masiku panadutsa munthu wadazi, chinkhwe n'kumufunsa ngati nayenso anataya mafuta a bwana wake. Ana amaseka mpaka misozi. Koma pomwe akusekapo amakhala atagwira kale mfundo: chinkhwe anangoona dazi, mlandu n'kugamuliratu.

Bidaa ili pati pamenepa? Allah mwini wake adatiphunzitsa kudzera m'nkhani. M'Surat Al-Kahf, yomwe timawerenga Lachisanu, Mneneri Musa (AS) adadandaula katatu ndi zochita za Khidr: kuboola chombo, kupha mnyamata, ndi kukonza khoma popanda malipiro. Katatu konseko adali asanadziwe chifukwa chake. Ngati Mneneri adapatsidwa phunziro limeneli, nanga mwana wa ku Magaleta?

Kuloweza sitikukunyoza ayi, ndi ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku. Koma mwana angathe kuwerenga Surat Al-Hujurat yonse pamtima, kuphatikizapo ndime 6 yotilamula kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu, iye osatolapo kanthu poti Chiarabu sachimva. Nthano imalowa m'chilankhulo chomwe amalotera.

Ndipo ife a ku Neno sitiyenera kuuzidwa kuopsa kwa phuma. Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga kwa T/A Dambe, mphenzi inapha mtsikana. Anthu anati ndi ufiti, ndipo okalamba anayi anaphedwa. Mwana amene wakhala pamkeka patsogolo pathu lero, tsiku lina adzapezeka pagulu pomwe wina akukuwa kuti "mfiti!" kapena "wakuba!" Tikufuna adzakhale ndi kanthu m'mutu kom'gwira dzanja.

Choncho Ramadhan ino, swala ya Asr ikatha, tizikamba nthano kwa mphindi khumi kenako n'kubwerera ku kuloweza. Makolo, mukamaliza kufutulu afunseni ana za chinkhwe uja. Shehe amene akuonapo bidaa abwere ndi umboni wake, timuyalira mkeka.