MALAMULO A INDIA APOSA MAU A OWANYOZA

Pa 26 January 1950 dziko la India linayamba kuyendetsedwa ndi malamulo olembedwa ndi eni dziko. Komiti imene inawalemba inatsogozedwa ndi Dr. B. R. Ambedkar, wobadwira mu mtundu umene unkayesedwa wodetsedwa, wosayenera ngakhale kukhudzidwa. Ndime 17 ya malamulowo inaletsa tsankho loipali.

Akatswiri a zamalamulo sanacedwe kupereka maganizo ao. Mngelezi Sir Ivor Jennings anati malamulowo, okhala ndi ndime 395, anali aatali mopitirira ndi obvuta kusintha, ndipo odyerera adzakhala maloya. K. C. Wheare wa ku Oxford anaona kuti zigawo zinapatsidwa mphamvu zocepa poyerekeza ndi boma lalikulu. Ena anadandaula kuti zambiri zinatengedwa m'lamulo la atsamunda la 1935 ndi m'malamulo a Britain, America ndi Ireland. Koma Granville Austin wa ku America, m'buku lace la 1966, anati malamulowo ndiwo maziko a mtundu wonse, ndi cida cokwezera anthu oponderezedwa.

Zaka zaweruza mlanduwu. Malamulo a Ceylon amene Jennings anathandiza kukonza anathetsedwa mu 1972, pamene a India akali kugwira nchito. Amene ankati ngobvuta kusintha asinthidwa kopitirira ka 100. Kubwerekanso sikulakwa: safunsa anadya phula. Mbeu yopempha kwa mnansi ikamera m'munda mwako, cakudya ncako.

Ciyeso cacikulu cinadza pambuyo pace. Mu 1973, pa mlandu wa Kesavananda Bharati, oweruza 7 mwa 13 a Bwalo Lalikulu anagamula kuti Nyumba ya Malamulo ingasinthe ndime iriyonse, koma siingagwetse maziko a malamulowo. Mu 1975 Mai Indira Gandhi anaimitsa ufulu wambiri wa anthu ndi kutsekera otsutsa, koma pa cisankho ca 1977 alimi ndi anchito anamcotsa pampando ndi mavoti ao.

Ambedkar anacenjezeratu mu November 1949 kuti malamulo abwino amaipa m'manja mwa anthu oipa. Iye ndiye anaona patali kuposa akatswiri onsewa. Kutalika kwa buku sikuteteza mmphawi. Amamteteza ndi woweruza wosaopa ndi wovota wodziwa ufulu wace.