Osamawerengera Mlendo Nambala ya AnyDesk

Anzanga, pa buleki pakhala pakumveka mkangano woti kodi munthu ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg angalowedi mu kompyuta ya munthu wina kumudzi kuno, n'kumatsegula mafayilo mwini wake akungoyang'ana. Ena akuti ndi bodza, ena akuti ndi ufiti wa azungu, ndipo anyamata ena a fomu 3 akudzitama kuti iwo "amahaka". Zimatheka ndithu, ndipo ufiti palibepo. Ine ndikuti tiphunzire mmene zimayendera, chifukwa tsiku lomwe mbava idzaimbire makolo athu, amene adzauzidwe kuti "tabwera undiwerengere izi" ndi ifeyo.

Chipangizo chilichonse pa intaneti chimafuna adiresi, imene amaitcha IP. Ma adiresi a mtundu wakale, IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, pomwe anthu padziko tinadutsa kale 8 biliyoni. Sangakwanire. Ndiye m'nyumba momwe muli rauta kapena ka MiFi, mafoni ndi makompyuta onse amagawana adiresi imodzi yakunja, ndipo mkatimo chilichonse chimapatsidwa nambala ya m'nyumba, kawirikawiri yoyamba ndi 192.168. Zili ngati bokosi la ku positi la sukulu yathu: ife tonse, aphunzitsi, ngakhale anthu a m'midzi yozungulira, timalemba P.O. Box imodzimodzi, makalata akafika wina ndiye amagawa. Kungoti rauta ndi wokhwima kuposa wogawa makalata wathu. Amangolowetsa yankho la kalata yomwe inachokera mkati. Kalata yongobwera yokha, palibe anaipempha, amaitaya. N'chifukwa chake munthu wakutali sangangofika pa kompyuta yanu ngakhale atafuna chotani.

Kuti afike, wina wa m'nyumbamo ayenera kutsegula. Njira yoyamba amaitcha port forwarding. Kompyuta ili ndi zitseko za manambala: 3389 ndi cha Remote Desktop ya Windows, 22 ndi cha SSH. Mwini nyumba amauza rauta kuti aliyense wogogoda pa chitseko chakuti azimupititsa ku kompyuta yakuti. Vuto ndi mawu akuti aliyensewo. Pali mapulogalamu amene amayendayenda pa intaneti usana ndi usiku, kugogoda pa adiresi iliyonse ndi kuyesa mapasiwedi. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi marauta ambirimbiri poyesa mapasiwedi a ku fakitale monga "admin", omwe eni ake sanawasinthe. Njira imeneyi ine sindiikonda, komanso kwa ife a bando ya pa foni nthawi zambiri siigwira n'komwe, poti kampani ya mafoni nayonso imagawira anthu ambiri adiresi imodzi.

Njira yachiwiri ndi imene ikutikhudza. Pali mapulogalamu ngati TeamViewer ndi AnyDesk, onse a makampani a ku Germany. Mukaika imodzi, kompyuta kapena foni yanu ndi imene imayamba kulankhula ndi seva ya kampaniyo, ndipo imakuonetsani nambala. Wakutali uja akalemba nambalayo kwake, inu n'kudina povomereza kapena kumuuza pasiwedi, walowa. Rauta sakana chifukwa kalata inayambira mkati. Mwaona eti? Mpanda ulipo, wolimba bwinobwino, koma mwini wake ndi amene wachotsa mpiringidzo.

Ubwino wake sindikuukana. Laputopu ikavuta kuno, wokonza ali pa boma, ndipo ndalama ya kabaza ndi minibasi kupita ndi kubwera ingathe kuposa ya kukonzako. Achimwene anu ali ku Joni angathe kulowa madzulo ataweruka, kukonza, n'kutuluka, inu mutangowononga bando. Ndiye amene akunena kuti mapulogalamu amenewa ndi a akuba okhaokha, tisamawayandikire n'komwe, ine sindigwirizana nawo. Amene sadziwa kuti AnyDesk n'chiyani ndi amene amaika mosavuta akauzidwa kuti ndi "pulogalamu yotsegulira akaunti".

Mbava zimachita chonchi. Munthu amaimba ndi mawu aulemu kwambiri, akuti ndi wa ku banki kapena wa ku kampani ya ndalama za pa foni. Akuti akaunti yanu yatsekedwa, kapena mwapambana mphoto, ndipo akuthandizani pompano musanataye ndalama. Amakuuzani pulogalamu yoti muike, kenako: "Tandiwerengereni nambala yomwe yatuluka pamenepo, bambo." Mukavomereza, amaona zomwe zili pa sikirini yanu ngati wakhala pambali panu. Uthenga wa kodi yachinsinsi ukalowa, amauwerenga limodzi nanu. Iyeyu sanathyole kalikonse, sanafunike nzeru za kompyuta zochuluka. Chida chake chachikulu ndi changu. Sakupatsani mpata wofunsa wina, chifukwa akudziwa kuti mukangopita kwa ejenti wa pa msika kukafunsa, bodza lathera pomwepo.

Taganizani ndalama zomwe zimakhala mu foni ya kunyumba: za soya kapena fodya amene wagulitsidwa kumene, za feteleza, fizi yathu ya teremu ino. Foniyo ndi imodzi, ndipo amene amaigwira pakafunika kuwerenga Chingerezi ndi mwana wa ku sekondale. Bambo akakupatsa foni kuti "tamuthandize bwanayu", kukana kumaoneka ngati mwano. Sikuti ndi mwano ayi. Ungathe kunena mwaulemu kuti, "Bambo, tiyeni tidule kaye, tiimbe tokha ku nambala ya kampani yomwe tikuidziwa." Wa ku banki weniweni sangakwiye nazo zimenezo.

Ngakhale wolowayo ali m'bale wanu, muimbireni nokha pa nambala yomwe mumaidziwa, chifukwa akaunti ya WhatsApp kapena Facebook imabedwa, wina n'kumalemba ngati iyeyo. Khalani pomwepo muziona zomwe akuchita, ndipo akamaliza mutseke pulogalamuyo. Pali pena pomwe pamalembedwa unattended access, kutanthauza kuti azilowa nthawi iliyonse osapempha. Pamenepo musayatse, pokhapokha kompyutayo ndi yake.

Kwa "mahaka" athu a fomu 3 aja: lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo, ndipo kunena kuti kunali kungocheza sikufafaniza mlandu.

Pempho langa kwa aphunzitsi a sayansi ndi loti tsiku la makalabu litipatseko mphindi 30. Pakufunika mafoni awiri okha ndi bando pang'ono. Wina akakhale ku fomu 1, wina ku ofesi, ndipo kalasi yonse ione ndi maso zomwe wakutaliyo amaona munthu akangodina povomereza.