Za ndege za pa Chileka: alimi tisangoyang'ana kumwamba

Mlimi wa ku Lunzu, ku Lirangwe kapena kwa Kuntaja akamapalira m'munda mwake, ndege zimamudutsa pamutu zikamatsikira pa bwalo la Chileka. Ambiri mwa ife sitidakwereko ndege, ndipo mwina sitidzakwera. Ndiye wina atha kufunsa kuti nkhani ya maulendo a ndege ikufunanji m'kalata ya alimi, pomwe feteleza wakwera mtengo ndipo mavenda akutibera pa sikelo. Yankho lathu ndi lakuti ndege sinyamula anthu okha. Kunsi kwa mipando ya anthu apaulendo kuli chipinda cha katundu, ndipo zomwe zimalowa m'chipinda chimenecho, kapena kulephera kulowamo, ndi nkhani ya ife alimi.

Chileka ndi bwalo lakale. Ndi pomwe Dr. Hastings Kamuzu Banda adatera pa 6 Julayi 1958, ndipo lidakhala khomo lalikulu la dziko lino mpaka pomwe bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi lidatsegulidwa mu 1983. Kuchokera nthawi imeneyo Chileka lidasanduka bwalo la chigawo cha kummwera, ndipo maulendo ake akhala akuchuluka ndi kuchepa malinga ndi momwe chuma chikuyendera. Kampani ya Air Malawi itagwa ndi ngongole, mu 2013 boma lidagwirizana ndi Ethiopian Airlines kukhazikitsa kampani yomwe lero tikuitcha Malawi Airlines, boma n'kutenga magawo 51 pa 100 ndipo anzathu a ku Ethiopia n'kutenga 49. M'chaka chomwecho ndege za Ethiopian Airlines ndi Kenya Airways zidayamba kutera pa Chileka, anthu a mu Blantyre n'kumati zinthu zayamba kuyenda.

Mu Januwale 2019 kampani ya South African Airways idaimitsa maulendo ake a ku Blantyre. Akuluakulu oona za ndege a ku South Africa adapeza kuti mpanda wa bwaloli udali wogumuka m'malo ena, komanso kuti galimoto zozimitsa moto ndi ambulansi sizidali m'chimake. M'chaka chomwecho msewu waukulu woterapo ndege udatsekedwa kwa miyezi ingapo kuti aukonze. Mu Sepitembala 2023 kampani ya Airlink idayamba maulendo a pakati pa Johannesburg ndi Blantyre, koma chimwemwe chake sichidakhalitse. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo pakutha pa mweziwo South African Airways idalengeza kuti yaimitsa maulendo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre komwe chifukwa cha mavuto a zachuma m'dziko muno.

Tiyeni timvetse bwino chomwe chimathamangitsa kampani za ndege, chifukwa apa ndi pomwe pagona nkhani. Mmalawi akagula tikiti mu Blantyre amalipira makwacha. Koma kampaniyo imalipira pafupifupi chilichonse m'madola: lendi ya ndege, zipangizo zokonzera, inshulansi, ndi mafuta omwe amachita kuitanitsidwa kuchokera kunja kudzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. Choncho makwacha aja ayenera kusinthidwa ku banki kuti akhale madola. Madola akasowa m'mabanki, monga zakhala zikuchitikira zaka zapitazi, ndalama za kampaniyo zimangokhala m'buku kudikira. Tsono kwacha ikagwa ndalamazo zili chidikirire, zimasungunuka. Dola imodzi yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180 idafika pa K1,700 usiku umodzi wokha mu Novembala 2023. Ndiye kuti kampani yomwe idali ndi makwacha okwana madola 1,000 idadzuka m'mawa ili ndi osakwana madola 700, isadagule kanthu kalikonse. Mlimi amene adagulitsapo soya pa ngongole, n'kudzalandira ndalama zake feteleza atakwera kale mtengo, akudziwa kuwawa kwake.

Mwini ndege sasiyana kwenikweni ndi mwini lole. Lole imapita komwe kuli katundu popita ndi pobwerera, komanso komwe wolipira amalipira ndalama zogwirika. Ikayenda kawiri katatu yopanda kanthu, mwini wake amaitumiza njira ina ndipo sapepesa kwa aliyense. Pa nthawi ya mavuto a zachuma anthu amalonda amachepetsa maulendo, mabungwe amadula ndalama za misonkhano, ndipo bwalo la m'chigawo ndi lomwe limayamba kutaya ndege, pakuti kampani imaona kuti kuli bwino kutera ku likulu kokha.

N'chifukwa chake ife a bungwe la alimi tikunena mosapsatira kuti m'zaka zikubwerazi tisayembekezere ndege zazikulu zochoka pa Chileka kulunjika ku Ulaya kapena ku Dubai. Kale ndege za British Airways ndi KLM zinkatera ku Lilongwe, koma zidasiya, ndipo ngati likulu lidalephera kuzisunga, si Chileka yomwe ingazikope chuma chili chonchi. Andale akafika pa msonkhano n'kulonjeza maulendo atsopano, muziwafunsa kuti ndegezo zidzanyamula ndani, zidzanyamula chiyani, ndipo eni ake adzatulutsa bwanji ndalama zawo. Ntchito yomwe ilipo panopa ndi yosunga maulendo omwe alipo, a ku Johannesburg ndi olumikiza ku Addis Ababa, kuti nawonso asatithawe. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Nanga mlimi akulowapo bwanji? Ndege yomwe mipando yake siidadzaze itha kupezabe phindu ngati kunsi kwake kuli katundu wolipira bwino. Komanso katundu wogulitsidwa kunja amabweretsa madola omwe akusowawo. Apa tiyenera kunena zoona kwa mamembala athu, kuopa kuti wina angayambe kulota matumba a chimanga ali mu ndege. Mbewu zambiri zomwe timalima sizidzakwera ndege. Nandolo wa ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu amapita ku India pa sitima zapamadzi. Tiyi ndi makademiya a ku Thyolo, fodya, thonje, ngakhale tsabola wouma wa kapiripiri, zonsezi zimatha kudikira milungu ingapo pa ulendo, ndipo mtengo wonyamulira pa ndege ungadye phindu lonse. Zokwera ndege ndi zinthu zosachedwa kuwonongeka koma za mtengo wapamwamba pa kilogalamu: zitheba, nsawawa zaziwisi, chimanga chanthete, therere lobala, tsabola wamuwisi, mango ndi maluwa.

Zimenezi si maloto. Kuyambira mu 2018 kampani ya Malawi Mangoes ya ku Salima idayamba kutumiza mango a mtundu wa Alphonso ku India. Chinsinsi chake n'chakuti mango athu amapsa kumapeto kwa chaka, pomwe ku India kulibe mango amenewa, ndiye ogula amalolera kulipira mtengo wokwera. Anzathu a ku Zambia adakhazikitsa bungwe la alimi otumiza mbewu kunja la Zambia Export Growers Association mu 1984, ndipo maluwa ndi ndiwo zamasamba zawo zidafika m'misika ya ku Ulaya kudzera pa bwalo la Lusaka chifukwa alimi adaphatikiza katundu wawo n'kumakambirana ndi eni ndege ngati gulu limodzi. Za ku Kenya sitichita kunena, maluwa awo amachoka mu Nairobi tsiku ndi tsiku. Zambia nayonso ilibe doko la panyanja yamchere, chimodzimodzi ife.

Chigawo cha kummwera sichisowa zolima. Ku Bvumbwe ndi ku Matapwata ndiwo zamasamba zimalimidwa chaka chonse. Ku Mulanje kuli nanazi ndi mapeyala, ku Mwanza ndi ku Neno kuli manachesi omwe chaka ndi chaka amawolera m'mbali mwa msewu. Chosowa ndi njira yochotsera zokololazi m'munda mpaka kukafika kwa wogula zisadafote.

Komabe pali zovuta zomwe sitingazibise. Ndege zomwe zimatera pa Chileka ndi zazing'ono ndi zapakatikati, ndipo masutikesi a anthu apaulendo ndiwo amayamba kulowa. Malo otsala ndi ochepa, mwinanso tsiku lina osatsala n'komwe. Johannesburg si msika wophweka wa ndiwo zathu, pakuti alimi a ku South Africa ali ndi zawo zambiri, moti ndi iwo akhala akudzaza mashelefu a sitolo zikuluzikulu za mu Blantyre. Kwa ife Johannesburg ndi Addis Ababa ndi malo osinthira ndege, ndipo posinthapo m'pomwe katundu wosazizira bwino amawonongekera. Mwinanso katundu wina wa kummwera kungakhale kwanzeru kumunyamula pa galimoto yoziziritsa makilomita opitirira 300 kupita ku Lumbadzi, komwe kumatera ndege zambiri. Ngati masamu akutero, titero. Ife sitikumenyera ulemu wa bwalo la Chileka ayi, tikumenyera mtengo wabwino wa zokolola za mlimi.

Kwa boma, pempho lathu loyamba ndi lokhudza nyumba yoziziritsira katundu pa bwalo penipeni, yokwanira, ya magetsi osazimazima, komanso yoti magulu a alimi ang'onoang'ono atha kuigwiritsa ntchito pa mtengo wodziwika. Zitheba zikakhala pa dzuwa la ku Chileka maola awiri okha, wogula wa kunja sazilandira. Pomwepo pakhalenso oyeza mbewu opereka chiphaso chotsimikiza kuti katundu alibe matenda ndi tizilombo monga ntchentche za zipatso, kuti mlimi asamathamange pakati pa Bvumbwe, Blantyre ndi Chileka ndege ikulira. Zimenezi mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi nyumba zagalasi zomwe timaonetsedwa pa zithunzi nthawi ya kampeni.

Tikupemphanso kuti malamulo a ndalama zakunja asamalange wotumiza katundu kunja. Mu 2021 banki yaikulu ya Reserve idalamula kuti ogulitsa katundu kunja azisinthitsa 30 peresenti ya madola awo kukhala makwacha. Cholinga tikuchimvetsa, koma wotumiza ndiwo pa ndege amalipira mayendedwe, makatoni ndi mbewu m'madola omwewo. Akapanikizika, amadula mtengo womwe amagulira kwa mlimi, chifukwa mlimi ndiye sadandaula mokweza.

Pali nkhani inanso ya malo. Nthawi ndi nthawi timamva za kukulitsa mabwalo a ndege kapena kumanga atsopano, ndipo malo otero sachokera kumwamba, ndi minda ya anthu. Mamembala athu okhala mozungulira Chileka asadzangodzidzimuka anthu oyeza malo ali m'munda. Afunsidwe ntchito isadayambe, chipukutamisozi chiperekedwe anthu asadasamuke, ndipo chiwerengedwe pa mitengo ya tsikulo, pakuti taona kale momwe kwacha imasungunukira.

Nafenso tili ndi mbali yathu, ndipo ina ndi yochititsa manyazi. Mpanda wa bwalo la ndege sugumuka wokha. Waya amene amapezeka atatchinga dimba kapena khola la mbuzi m'midzi yoyandikana ndi bwalo ndi yemweyo amene akasowa, oyendera a kunja amalemba kuti bwalolo n'losatetezeka. Mafumu ndi makomiti a makalabu alankhulepo.

Mbali yaikulu ndi ya kalimidwe ndi kusunga pangano. Wogula wa kunja safuna matani khumi sabata ino, sabata yamawa n'kumva kuti kulibe chifukwa kudali maliro kapena chitsime chaphwa. Amafuna muyeso womwewo, ubwino womwewo, tsiku lomwelo, kwa miyezi yotsatizana, ndipo eni ndege nawo amasungira malo munthu amene amabwera sabata iliyonse. Amafunanso kaundula wa mankhwala onse omwe adapoperedwa, tsiku lake ndi muyeso wake, monga momwe ndondomeko ya GlobalGAP imafunira. Katoni imodzi ikapezeka ndi mankhwala opitirira muyeso, katundu wa gulu lonse amabwezedwa. Ndipo tonse tikudziwa matenda athu akale: kalabu imasainira mgwirizano, koma venda akafika ndi K50 yapamwamba, theka la mamembala lagulitsa kuseri. Khalidwe limeneli pa msika wa pa Lunzu limapweteka pang'ono, koma pa msika wa ndege limatseka khomo kwa zaka.

Poyambira pabwino ndi pafupi pompano. Mu 2025 boma lidaika chiletso pa kuitanitsa zinthu zina kuchokera kunja, kuphatikizapo zipatso ndi ndiwo zamasamba zomwe zimalimidwa konkuno. Chiletso chotere chitha kusintha nthawi ina iliyonse, koma chidaonetsa kuti sitolo ndi mahotela a mu Blantyre ndi Limbe ndi msika woti tiulimbirane. Gulu lomwe lingathe kuperekera sitolo imodzi tomato, zitheba ndi anyezi wosankhidwa bwino Lolemba lililonse kwa chaka chathunthu, osajomba, ndi lomwe lingayambe kukamba za makatoni a pa ndege.

Choncho tikupempha makalabu ndi maasosiyeshoni a m'maboma a Blantyre, Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Mwanza ndi Neno kuti pa misonkhano yawo ikubwerayi alembe zinthu izi mothandizana ndi alangizi: ndiwo ndi zipatso zomwe amalima, makilogalamu omwe angathe kupereka pa sabata, miyezi yomwe angathe kutero, ndi mamembala angati ali ndi madzi a mthirira osaphwa m'chilimwe. Musakokomeze manambala. Mapepalawo aperekedwe kwa alembi a m'maboma, kuti tikadzakhala pansi ndi akuluakulu a bwalo la Chileka ndi a kampani za ndege, tidzawauze matani omwe tili nawo ndi tsiku lomwe angawapeze pa geti.